Tisanasiye msilikali wakale m'manja mwa ena

Mawu athu a lero acokera pa 2 Samueli 19, kuyambira ndime 31. Mukawerenge nokha kunyumba. Kunali mkulu wina, Barizilai, wa zaka 80, amene anadyetsa mfumu Davide ndi ankhondo ake pamene anali kuthawa Abisalomu. Nkhondo itatha, Davide anafuna kumtenga kuti akamsunge ku Yerusalemu. Mkuluyo anakana. Cakudya sicinali kumkomeranso, makutu anali atagontha, ndipo cimene anapempha n'cakuti akafere kwao, kumene kunali manda a makolo ake. Davide sanamkakamize.

Tasankha nkhaniyi cifukwa ca funso limene layamba kumveka m'mabanja mwathu. Atate anali msilikali, tsopano sadzukanso okha, amai anatsogola, ana ali ku Lusaka ndi ku Migodi. Pamsonkhano wa banja wina anena kuti tiwapezere nyumba yosungirako okalamba. Nanga tidzadziwa bwanji kuti nyumbayo ndi yabwino?

Ife amene tapitirira zaka 60 tinawaona ndi maso athu azibambo amene anamenya nkhondo ya 1939 mpaka 1945 m'gulu la Northern Rhodesia Regiment. Anafika ku Somaliland, ku Ethiopia, mpaka ku Burma. Maina a makampu a asilikali athu, monga Tug Argan ku Ndola, Arakan ku Lusaka, Chindwin ku Kabwe ndi Gondar ku Chipata, ndi maina a malo kumene kunamenyedwa nkhondo imeneyo. Ambiri a iwo anagona kale. Amene ali kukalamba tsopano ndi aja analonda malire athu ndi Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, a RENAMO akulowerera m'midzi, othawa nkhondo akusonkhanitsidwa ku Ukwimi. Pambuyo pao pali kubwera amene anatumidwa kukasungitsa mtendere ku Sierra Leone ca m'ma 2000.

Anzathu a ku Malawi ali ndi nyumba ya asilikali akale ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks. Kuno ku Zambia nyumba zodziwika ndi za okalamba onse, msilikali ndi mlimi pamodzi: Maramba ku Livingstone ndi Chibolya ku Mufulira za boma, Mitanda ku Ndola ya a Salvation Army, Divine Providence ku Chawama mu Lusaka ya masisitere a Katolika. Za boma zinakhazikitsidwa makamaka cifukwa ca amene alibe wowasunga, ndipo polowera ndi ku ofesi ya Social Welfare pa boma. M'tauni mulinso za anthu wamba zolipiritsa pa mwezi. Taonani kuti zonse tachulazi zili kutali. Kucoka ku Petauke kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 400. Muwerengere ndalama ya basi, kupita ndi kubwera, ndipo munene zoona kuti pa caka mudzakwanitsa kangati. Nkhalamba yosacezeredwa ndiyo imayamba kuiwalika, ngakhale anchito akhale a mtima wabwino.

Mukapeza malo, mupiteko kawiri. Ulendo woyamba adzakulandirani mu ofesi, adzakuonetsani cipinda cosesedwa bwino ndi maluwa pakhomo. Ife amene tinagwira coko tidziwa mmene sukulu imawalira tsiku limene insipekita wanena kuti abwera. Ulendo waciwiri mupite osanena, m'mamawa kapena pa nthawi ya nsima, ndipo musayang'ane utoto wa pa cipupa. Muyang'ane okalamba amene ali kale momwemo, pakuti mmene alili iwo ndi mmene adzakhalire atate anu ikatha miyezi itatu.

Mphuno idzakuuzani zambiri. Fungo la mkodzo wa usiku limakhalapo kulikonse kumene kuli odwala, koma fungo limene linalowerera m'matiresi litanthauza kuti anthu amagonera zonyowa. Muone zikhadabo, ndevu, m'kamwa. Ngati pali wogona amene sadzuka, mufunse kuti amamtembenuza kangati. Kucipatala amaphunzitsa kuti munthu wotere atembenuzidwe pakapita maola awiri alionse, usana ndi usiku, apo ayi khungu limabooka pa matako, m'ciuno ndi ku zitendene, ndipo zilonda zimenezo zimatha kumupha. Tsono mufunse kuti usiku amagonamo anchito angati, pa okalamba angati. Akakuyankhani mozungulira, yankho mwalimva.

Pa cakudya muone ngati wopanda mano amamfewetsera, ndiponso ngati wonjenjemera manja amamdyetsa kapena amangomuikira mbale n'kuicotsa ili yodzaza. Madzi akumwa akhale pamene dzanja lifika. Mufunse za mabulangete a mu June ndi July, za maneti a udzudzu, za mtunda wocoka pa bedi kufika ku cimbudzi. Mankhwala a BP ndi a shuga akhale ndi buku lolembamo amene wamwa ndi nthawi yake, mupemphe kuliona. Munthu akadwala pakati pa usiku, motoka yopita naye kucipatala icokera kuti, ndipo alipira ndani?

Koma msilikali ali ndi zake zimene mlimi alibe, ndipo apa tikhalitsepo. Ena anagontha ndi mfuti, ndiye amaoneka ngati amwano pamene sanamve cabe. Ena nkhondo imawabwerera kutulo. Tili ana, m'mudzi mwathu munali mdala wina wobwera ku Burma amene mphezi ikang'amba anali kudzigwetsa pansi n'kukwawira kunsi kwa nkhokwe. Tinali kumseka, ndipo lero ticita nazo manyazi. Ukalamba ukabwera ndi matenda oiwala, zakale zija zimayandikira, za dzulo n'kuthawa. Munthu amadzuka usiku kufunafuna nsapato kuti apite pa pelete, amakuwa, mwina amamenya womgwira modzidzimutsa. Mufunse anchito mwacindunji kuti wotere amacita naye ciani. Oyankha kuti amayatsa nyali, amamuitana ndi dzina lake, amakhala naye mpaka mtima utsike, amenewo aidziwa nchito. Oyankha kuti amamkhomera m'cipinda, amammanga pa bedi kapena amampatsa mankhwala ogonetsa popanda dokotala, musawasiyire munthu wanu. Ndipo mukamva mawu akuti mfiti akunenedwa pa wokalamba wosokonezeka mutu, nyamukani.

Mumvetserenso mmene amawaitanira. Munthu amene anali kulamulira gulu la asilikali, lero mtsikana wa zaka 20 azimuti "iwe mdala"? Kumene amati "Ambuya", "Atate", kapena kuwachula ndi mfunda wao, nthawi zambiri ndi kumenenso amawasambika citseko cili cotseka.

Za ndalama zilembedwe papepala, ndipo pakhale mboni ya banja. Khadi ya ku banki yolandirira penshoni, reji, makalata a usilikali ndi mamendulo, mugwirizane amene asunga. Mufunse zimene malipiro a pa mwezi aphimba, cifukwa sopo, matewera ndi mankhwala kawirikawiri zimabwera pambali. Mwina mukawerengera mudzapeza kuti ndalama yomweyo ingalipire munthu wokhulupirika wa m'mudzi momwemo, amai a Mothers' Union n'kumapitako, ansembe n'kumafika ndi Mgonero. Ngati m'nyumba muli wokalamba, kafunseninso ku Social Welfare za Social Cash Transfer. Sitinena kuti wopereka kholo ku nyumba ya okalamba wacimwa. Pali matenda amene mwana mmodzi wokhala ndi munda ndi ana ake sangawathe, ndipo tawaona azimai akudwala okha cifukwa conyamula odwala.

Funso lotsiriza anthu amaliopa, koma mulifunse ndithu: atate akamwalira kumeneko, adzatiuza pa maola angati, ndipo thupi lidzabwera bwanji kumudzi? Musanapite n'komwe kukaona malowo, khalani pansi ndi mwini wake, nthawi imene mutu wao uli bwino, muwafunse monga Davide anamvera Barizilai. Ngati angathe kukwera basi, mupite nao akaone okha bedi limene adzagonapo.