Hilux ya bambo, mtima wa Lexus

M'makomo ambiri muli pikapu yakale yomwe inaima kalekale. Matayala anaphwa, nkhuku zikuikira mazira kumbuyo, koma mukangotchula zoigulitsa pabanja pamabuka mkangano. Ndi galimoto yomwe inkanyamula chimanga ndi odwala, inanyamulaponso maliro a pamudzi. Bodi ikadali yolimba, chafa ndi injini basi.

Ku South Africa amakaniko ena anapeza njira yomwe tsopano yadzaza pa YouTube ndi TikTok. Amachotsa injini ya dizilo mu Toyota Hilux yakale nkuikamo ya Lexus yotchedwa 1UZ-FE. Iyi ndi V8 ya petulo ya malita 4, yomwe inatuluka mu 1989 m'galimoto ya Lexus LS400, ndipo zoyambirira zinkatulutsa pafupifupi 250 horsepower. Injini ya 3L ya malita 2.8 yomwe ili mu Hilux zambiri za m'ma 1990 siifika ngakhale 100. Chomwe amaikondera 1UZ nchoti ndi ya aluminiyamu, yopepuka poyerekeza ndi kukula kwake, imapirira, komanso zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan zimapezeka.

Koma vidiyo ya masekondi 30 siionetsa miyezi yomwe galimoto inagona pagalaja. Injini ya dizilo yakale imangofuna mafuta, mpweya ndi batire yoilizira. Ya Lexus siilira popanda kompyuta. Mukagula injini yokha, mawaya ake atadulidwa ndi chikwanje pamalo ophwasulira, mwagula mutu waukulu. Nchifukwa chake ena amaikamo kompyuta ina, monga ya Spitronics yopangidwa ku South Africa konko, ndipo pamafunika munthu woidziwa kuitchuna, osati wongoyesa mwayi pa galimoto yanu.

Kenako pali sampu, chotengera oyilo kunsi kwa injini. Pa Hilux ya 4x4 imatha kugundana ndi difu ya kutsogolo, ndiye isinthidwe. Zogwirira injini aziwotcherera zatsopano. Giyabokosi mwina mutenge ya otomatiki yomwe inabwera ndi injiniyo, kapena mupangitse chitsulo cholumikizira ku yakale. Rediyeta ikhale yaikulu, pampu ya mafuta ikhale ya petulo yokankha mwamphamvu. Ndiye mabuleki, omwe anyamata ambiri amawakumbukira ndalama zitatha. Galimoto yathamanga kwambiri kuposa kale, koma choiimitsa ndi chomwe chija cha zaka 30 zapitazo. Pa Zalewa sipamasewera.

Mapepala nawo musawaiwale. Nambala ya injini imalembedwa pa blue book, choncho mukasintha kauzeni a Road Traffic, ndipo sungani malisiti a komwe munagula injiniyo. A inshuwalansi auzeninso. Ngozi ikachitika apeza V8 pomwe mapepala akunena dizilo, akhoza kukana kulipira.

Ine ndimaikonda V8, kulira kwake kumasangalatsa, sindinama. Koma aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta m'zaka zapitazi aganize kawiri asanadyetse masilinda 8. Ngati pikapu ya bambo ikufunika kuti ibwererenso kumunda ndi kumsika, funsani za 5L, dizilo ya malita 3 ya m'banja lomwelo la 3L. Imakhala pamalo pake popanda kudula zambiri, makaniko wa pa Biwi kapena ku Ndirande amaidziwa, ndipo zipangizo zake mudzazipeza ngakhale galimoto itafera kutali ndi tauni.