Huva yakale ndi mchenga wa ku Senga Bay

Aliyense amene anasesapo nyumba kufupi ndi nyanja ku Salima amaudziwa mchenga. Umalowa ndi mapazi, umalowa ndi mphepo ya mwera, umabisala m'kapeti ndi m'mipando. N'chifukwa chake m'malo ambiri ogona alendo ku Senga Bay mumapezeka makina okoka fumbi, aja ambirife timangoti huva. Ena mwa makinawa ndi akale, ogulidwa pa kaunjika, ndipo sachedwa kufa. Anthu amati ndi tsoka kapena magetsi. Koma nthawi zambiri vuto limakhala mmene makinawo anapangidwira, makamaka njira imene mpweya umadutsa mkati mwake.

Choyamba tigwirizane chinthu chimodzi. Huva siyamwa fumbi monga mmene timaganizira. Mkati mwake muli mota yozungulitsa fani. Faniyo imathamangitsa mpweya kunja, ndiye mkati pulesha imatsika. Mpweya wa m'chipinda, womwe uli ndi pulesha yokwera, umadzikankhira m'paipi, n'kunyamula fumbi popita. N'chimodzimodzi ukamamwa Fanta ndi kapaipi: pakamwa pako pamangochepetsa pulesha, chokankha chakumwacho ndi mpweya wakunja. Ndiye ntchito ya wopanga huva ndi iwiri, kuyendetsa mpweya ndiponso kulekanitsa mpweyawo ndi zinyalala. Zolakwika zambiri za makina akale zili pa ntchito yachiwiriyi.

Mu 1901, Hubert Cecil Booth wa ku England anapanga makina aakulu kwambiri moti ankakokedwa ndi mahatchi. Ankaimikidwa panja pa nyumba ku London, mapaipi n'kulowetsedwa pa mawindo. Amene anatipatsa huva yoti munthu n'kuyendetsa yekha ndi James Murray Spangler, wosesa m'sitolo ina ku Canton, m'chigawo cha Ohio ku America. Fumbi linkamutsokomoletsa, ndiye analumikiza mota, fani, mpini wa tsache ndi chovala cha pilo ngati thumba. Mu 1908 William Hoover anagula luso limeneli, ndipo dzina loti huva linachokera pamenepo.

Vuto loyamba linayambira pa makina a Spangler omwewo. Fani inali kutsogolo, thumba kumbuyo. Kutanthauza kuti chilichonse chotoledwa pansi chinkadutsa kaye pa fani chisanafike m'thumba. Pa fumbi lofewa palibe vuto, ndipo makina otere amatola bwino pa kapeti chifukwa fani ili pafupi ndi pansi. Koma tayerekeza kamwala, msomali kapena ndalama yachitsulo ikugunda fani imene ikuzungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi. Tsamba la fani limathyoka. Nanga mchenga? Mchenga wambiri wa m'mphepete mwa nyanja uli ndi mwala wotchedwa quartz, womwe pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala uli pa 7. Aluminiyamu safika ngakhale pa 3, pulasitiki ndiye osanena. Tenga mchenga pang'ono uupake pa botolo la pulasitiki, uona mikwingwirima. Fani yamenyedwa ndi mchenga tsiku ndi tsiku imaperepeseka, masamba ake amafupika, mphamvu n'kumachepa pang'onopang'ono. Makina ena anakonza zimenezi poika thumba patsogolo, kuti fani izikumana ndi mpweya wosefedwa kale.

Vuto lachiwiri ndi thumba lenilenilo. Thumba liyenera kugwira fumbi koma kulola mpweya kudutsa, choncho lili ndi timabowo ting'onoting'ono. Ukasefa ufa wonyowa pang'ono, sefa imatsekeka ngakhale ufa uli wochepa. Thumba la huva limateronso: fumbi losalala limamata timabowo, mpweya umavutika kudutsa, ndipo makina amafooka thumba lisanadzaze n'komwe. Matumba ansalu akale anali ndi khalidwe linanso. Ukangoyatsa makina, thumba linkafufuma n'kupemerera fumbi losalala kwambiri m'chipinda momwemo. Kwa munthu wodwala mphumu, nyumba imaoneka yoyera koma chifuwa chikubanika.

Apa pali chinthu chodabwitsa chimene ungayese ngati pali huva pafupi. Tseka kukamwa kwa paipi ndi dzanja kwa kamphindi. Phokoso limakwera, ngati mota ikulimbana ndi katundu wolemera. Zoona zake n'zosiyana. Fani ilibenso mpweya wokwanira woti ikankhe, ntchito yachepa, ndiye mota ikuthamanga kwambiri. Choopsa n'chakuti m'makina ambiri mpweya womwewo ndi umene umaziziritsa mota. Thumba likatsekeka, mota imathamanga yopanda choiziziritsa, mawaya ake amatentha mpaka kupsa. M'kutentha kwa Okutobala ku Salima, zimenezi sizichedwa. Ukamva huva ikulira mokweza kuposa masiku onse, zimitsa, uone thumba ndi paipi.

Nthawi zina opanga ankathetsa vuto limodzi n'kubala lina. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Hoover inatulutsa makina ozungulira ngati mpira otchedwa Constellation. Analibe mateyala. Mpweya wotuluka unkapita pansi pake, makinawo n'kumayandama pa mpweyawo potsatira munthu. Nzeru yake inali yokongola, koma pa simenti kapena pa matailosi mpweya womwewo unkamwaza fumbi limene munthu akufuna kutola.

Vuto la thumba linamusowetsa mtendere James Dyson wa ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Iye anaona mmene malo ochekera matabwa amachotsera utuchi mu mpweya pouzungulitsa mwamphamvu m'chitini chosongoka kunsi. Mpweya umazungulira ngati kamvuluvulu. Fumbi, pokhala lolemera kuposa mpweya, limalephera kukhota nawo, limagunda khoma n'kugwera pansi, monga mmene matope amathawira pa tayala la kabaza nthawi ya dzinja. Palibe timabowo toti titsekeke. Dyson anapanga makina oyesera 5,127 asanakhutire, ndipo DC01 inayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1993. Komabe ngakhale makina otere amakhala ndi sefa yogwira fumbi losalalitsitsa, ndipo nayonso imafuna kutsukidwa.

Chomaliza si cholakwa cha wopanga, koma chimapha makina ambiri obwera kuchokera kunja. Magetsi a ESCOM ndi 230 V, pomwe ku America ndi ku Canada ndi 120 V. Kumbukira za m'kalasi: pa waya yemweyo, ukachulukitsa V kawiri, karenti imachulukanso kawiri, ndipo kutentha kumachuluka kanayi. Huva ya 120 V ukaisintha pulagi yokha n'kuilowetsa pakhoma kwathu kuno, imalira mwamphamvu kwa kanthawi, kenako fungo la kupsa. Usanalumikize chipangizo chilichonse chakunja, werenga kachikwangwani kali pansi kapena kumbuyo kwake. Ndipo huva wamba usatolere nayo madzi kapena mchenga wonyowa, chifukwa madzi akafika pa mota ukhoza kugwidwa ndi magetsi.

Ndiye mayi ako aang'ono kapena amalume akakutuma kuti ukaone huva yakale pamsika, tsegula uone zinthu zitatu. Tsatira njira ya mpweya ndi chala kuchokera pakamwa pa paipi: kodi ukuyamba kukumana ndi fani kapena thumba? Yang'ana ngati thumba lake lingapezeke kapena kutsukidwa. Kenako werenga ma V. Ngati fani ili patsogolo ndipo nyumbayo ili pafupi ndi gombe, auzeni kuti aziyamba asesa mchenga ndi tsache, huva izibwera pambuyo kudzatola fumbi lotsala.