Batire Ikanunkha Mazira Owola

Kapikapu konyamula mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma kanafera pa Chisemphere, mababu atapsa, batire ikununkha ngati mazira owola. Ine ndinkati yangokalamba basi. Ndinalakwitsa.

Alternator, yomwe imatchaja batire, ili ngati mjigo: injini ikathamanga, nayo imapopa magetsi ambiri. Regulator ndiye mpopi wochepetsa, kuti batire izilandira mavoti pafupifupi 14. Regulator ikafa, magetsi amasefukira, madzi a m'batire n'kuyamba kuwira ndi kununkha ngati mazira owola. Magalimoto ena ali ndi chotetezera chodula magetsi akapyola muyeso, koma akale ambiri ayi ndithu.

Makaniko anaika mita pabatire, dalaivala n'kuponda mafuta: mavoti 16! Komabe sanathamangire kugula regulator. Anayamba wapala dzimbiri pa waya wa ethi, poti waya wosagwira bwino umanamiza regulator kuti batire ili ndi njala.