Nkhosa za Scapegoat zimafuna nthawi yake

Mu minibasi ya ku Mwami, kondakita akali kuitana anthu, anyamata awiri anatsala pang'ono kudana cifukwa ca nkhosa zinayi za pa foni. Masewera ake ndi Yu-Gi-Oh! Master Duel, amene Konami inatulutsa mu 2022. Khadi yake ndi Scapegoat.

Khadi iyi imakupatsa ma Sheep Token anayi, ATK 0, DEF 0. Msampha uli apa: pa turn imene waitsegula, sungacite Summon monster ina. Wamng'ono uja anaitsegula pa turn yake, manja n'kumangika, bundle n'kupita cabe. Mnzake akuti, "Iwe, manje wacita ciani?"

Scapegoat ndi Quick-Play Spell. Iike moyang'ana pansi pa turn yako, udikire End Phase ya mdani, ndiye uitsegule. Ciletso cija cimatha ndi turn ya iye, iwe umayamba yako uli ndi nkhosa zinayi zocitira Link Summon.

Mdani akafuna kuiphwanya ndi Mystical Space Typhoon pa turn yake, usacite mantha, itsegule pomwepo pa chain. Yolowa pomaliza ndiyo imayamba kugwira nchito, monga wokhala pakhomo mu minibasi: anakwera kumapeto, koma ndiye woyamba kutsika.

Kwina nkhosazi n'zamakani. Xyz Summon zimakana, Tribute Summon zimakananso. Zikaphedwa sizipita ku Graveyard, zimangosowa, ndiye olo ukhale ndi Monster Reborn m'manja, palibe cimene idzadzutsa.