Momwe Amisiri a ku Italy Anafalitsira Konkire ya Zitsulo M'maiko Akutali

Konkire, yomwe ndi msakanizo wa simenti, mchenga, miyala ndi madzi, imapirira kwambiri ikapsinjidwa ndi katundu wolemera, koma ikakokedwa kapena kupindidwa imang'aluka msanga, pakuti mphamvu yake yokana kukokedwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake yokana kupsinjidwa. Mtanda wogonekedwa pa mizati iwiri ukasenza katundu umapsinjika kumtunda pomwe kunsi kwake ukukokeka, ndipo n'chifukwa chake amisiri amayala ndodo zachitsulo kunsiko asanathire konkire, kuti chitsulo chigwire ntchito imene konkire siingathe. Ziwirizi zimakhalitsa pamodzi chifukwa zimafutukuka ndi kukhwinyata pafupifupi mofanana kukatentha kapena kukazizira, komanso simenti imateteza chitsulo ku dzimbiri malinga ngati chakutidwa mokwanira.

Lusoli linakhwimira ku France. Joseph Monier, yemwe ankalima maluwa, analembetsa umwini wa njira yake youmbira miphika yamaluwa ya simenti ndi waya m'chaka cha 1867, ndipo François Hennebique analembetsa mu 1892 njira yomangira mizati, mitanda ndi silabu ngati chinthu chimodzi chosadukiza, momwe ndodo zikuluzikulu zinkagwiridwa ndi tizitsulo topinda. Hennebique sankamanga yekha nyumba zonse, koma ankapereka chilolezo kwa makampani a m'maiko ena pomwe ofesi yake ikuwerengera kukula kwa zitsulo. Kumpoto kwa Italy chilolezocho chinapita kwa injiniya Giovanni Antonio Porcheddu mu 1894, ndipo kampani yake ya ku Turin inamanga nkhokwe zazikulu za tirigu padoko la Genoa, kenako mlatho wa Risorgimento ku Rome, umene unatsegulidwa mu 1911 ndipo uta wake umodzi unadumpha mamita 100 pamwamba pa mtsinje wa Tiber.

Chimene anthu a ku Italy anapita nacho kunja sichinali nzeru yatsopano, koma manja odziwa ntchito, ndipo pa konkire zimenezi si zazing'ono. Njerwa yoyalidwa molakwika imaoneka tsiku lomwelo, pomwe chitsulo chokhala pamalo olakwika, madzi opitirira muyeso kapena matabwa ochirikiza ochotsedwa konkire isanalimbe zimabisika mpaka tsiku limene denga ladzagwa. Pakati pa 1876 ndi 1915 anthu pafupifupi 14 miliyoni anasamuka ku Italy kukafuna ntchito, ndipo pakati pawo panali omanga, osema miyala ndi akalipentala, anthu amene anatha kukhoma zikombole zamatabwa zothiramo konkire mosavuta. Ku Cairo, nyumba yosungiramo zinthu zakale za ku Egypt, imene inatsegulidwa mu 1902, inajambulidwa ndi Mfalansa Marcel Dourgnon, koma amene anaimanga anali makontilakitala a ku Italy, Giuseppe Garozzo ndi Francesco Zaffrani. Ku Bangkok, Mfumu Chulalongkorn inalemba ntchito Mario Tamagno ndi Annibale Rigotti, omwe anaphunzira ku Turin, pamodzi ndi injiniya Carlo Allegri, kuti amange nyumba yachifumu ya Ananta Samakhom pa nthaka yofewa ya mzindawo. Ntchitoyo inayamba mu 1908 n'kutha mu 1915, ndipo konkire yake inabisidwa ndi miyala yosalala yochokera ku Carrara.

Ku South America n'kumene lusoli linaonekera poyera, chifukwa kumeneko nthawi zina mwini ndalama, wojambula pulani ndi wosakaniza simenti onse ankalankhula Chitaliyana. Ku Buenos Aires, Francisco Gianotti, wobadwira ku Piedmont, anamaliza Galería Güemes mu 1915, ndipo Mario Palanti wa ku Milan anamangira Luigi Barolo, mwini mafakitale a nsalu, nyumba yotalika mamita 100 yotchedwa Palacio Barolo, imene inatha mu 1923. Palanti yemweyo anajambulanso Palacio Salvo ya ku Montevideo, yotsegulidwa mu 1928, pomwe ku São Paulo wamalonda Giuseppe Martinelli anayamba mu 1924 nyumba imene inadzafika nsanjika 30. Konkire inkayenera mizinda imeneyi popeza mchenga, miyala ndi antchito zinkapezeka pomwepo, pomwe nyumba ya mafelemu achitsulo okhaokha, monga za ku New York, ikanafuna zitsulo zolemera zodzera pa sitima zapamadzi.

Mu Africa nkhaniyi siingalekanitsidwe ndi utsamunda. Malo omwetsera mafuta a Fiat Tagliero ku Asmara, amene Giuseppe Pettazzi anamaliza mu 1938 ndi mapiko awiri a konkire otambasuka mamita 15 popanda mzati wochirikiza, anamangidwa mu mzinda umene boma la Italy la Mussolini linkapatula anthu a ku Eritrea ndi azungu. Patadutsa zaka pafupifupi 20, mgwirizano wa makampani a ku Italy wotchedwa Impresit unamanga khoma la damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, lotalika mamita 128 kupita m'mwamba, potsata pulani ya kampani ya ku France ya Coyne et Bellier. Ntchitoyo inatha mu 1959, m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo inasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'chigwa chawo.