Za Kuphika ndi Kuphikira

Aphunzitsi anzathu, m'chinenero chathu muli mau awiri ofanana pakumveka koma osiyana pa ntchito yao, ndiwo kuphika ndi kuphikira. Mwana wa sukulu akafunsidwa kusiyana kwake, kawirikawiri ayankha kuti ndi amodzi. Tifuna kulongosola pano kuti sali amodzi ai, pakuti mwambo wathu wa chakudya chotonthoza mtima wagona pa kusiyana kumeneku.

Tiyambe ndi lamulo. Mneni akalandira mathero akuti -ira kapena -era, asonyeza kuti ntchitoyo ichitidwa chifukwa cha munthu wina. Ngati lembo la liwu lotsiriza m'tsinde la mneni liri a, i kapena u, titi -ira: kugawa, kugawira; kusinja, kusinjira; kuvundula, kuvundulira. Likakhala e kapena o, titi -era: kupeta, kupetera, kukonola, kukonolera, kuomola, kuomolera. Mathero omwewa anenanso za malo kapena chipangizo, monga kuphikira panja, kapena mphika wophikira ndiwo. Koma ife tiyang'ane za munthu. Tikati mai aphika, tanena za moto ndi mphika pokha. Tikati mai aphikira mwana, tatchula amene ali mumtima mwa wophikayo.

Tsono pamudzi pali anthu atatu amene mwambo utiuza kuwaphikira mosamala: wobwera ku ulendo, wodwala, ndi wofedwa.

Wobwera ku ulendo, kaya achokera ku Johannesburg kaya ku Harare, inde amphera nkhuku. Koma chimene iye wakhala akuchilakalaka ndicho nsima ya nkhwani wotendera. Kaphikidwe kake nkotere. Mai athyola masamba anthete a dzungu, nawasadzula kuchotsa mitsitsi yolimba, nawaduladula. Awaika m'madzi pang'ono owira, nathira mchere ndi tomato. Ena aonjeza chidulo, ndicho madzi otcheza ku phulusa, kuti masamba afewe msanga. Akafewa athira nsinjiro natakasa, ndipo achepetsa moto, pakuti nsinjiro sizichedwa kupserera pansi pa mphika. M'chilimwe, masamba akasowa, amasula chikwatu natendera mfutso. Pa nsima, atereka madzi pamafuwa, ndipo akafunda athira ufa pang'ono likhale phala. Phalalo liyenera kuwira ndithu; wofulumira kuthira ufa wina aphika nsima yosapsa, ya mibulu. Likapsa aonjeza ufa pang'onopang'ono navundula ndi mthiko, kenaka aomola mitanda ndi chipande chonyowa. Nkhoko zotsala mumphika nza ana.

Wodwala samphikira nsima yolimba, koma phala lamadzimadzi limene akhoza kumeza osavutika. Pano tichenjezane. Ufa woyera ukoma m'kamwa, koma pokonola chimanga ndi pochiviika m'madzi masiku angapo, mafuta ndi zolimbitsa thupi zambiri zichoka pamodzi ndi gaga. Chifukwa chake phala la mgaiwa, lothiramo nsinjiro kapena ufa wa soya, libwezera mphamvu koposa la ufa woyera wokha. Wophikira wodwala asangotula mbale nkumapita. Akhale naye pafupi, amdzutse, amsambitse m'manja, nadikire kufikira atalawa.

Wofedwa sayenera kusonkha moto yekha. Anansi abwera ndi ufa, nkhuni ndi ndiwo, ndipo amai a m'mudzi aphika kuseri kwa nyumba ya siwa. Komatu maliro akatha anthu abalalika, ndipo masiku otsatirawo ndiwo owawitsa.

Tidaona izi ndi maso pa sukulu ina pamene tinkaphunzitsa. Mnyamata wina, atamwalira amake, adabwerera ku sukulu naleka kudya. Nsima ya ana onse inkaphikidwa mumphika waukulu tsiku ndi tsiku, ndipo mbale yake inkabwerera yosakhudzidwa. Ife tidamdzudzula, tiri kuyesa kuti achita mwano, ndipo pamenepo tidalakwa. Mai wina wachikulire wa pafupi ndi sukulu adafunsa kwao kwa mwanayo chimene amake ankamphikira, namva kuti ndi futali. Adasenda mbatata, naziphika, nazitendera, namuitana pakhonde pake. Mnyamatayo adadya ali kulira, ndipo m'mawa mwake adadya pamodzi ndi anzake. Ku sukulu kunali kuphika masiku onse, koma mai uja yekha ndiye adamphikira.

Wina angaganize kuti zakudya izi zitonthoza chifukwa nza makolo athu chiyambire. Si tero ai. Chimanga, mtedza, maungu, mbatata ndi tomato kwao ndi ku America, ndipo zidayamba kuoloka nyanja Columbus atafika kumeneko m'chaka cha 1492. Makolo akalekale ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Chakudya chachilendo chidasanduka chakwathu chifukwa mibadwo yambiri ya amai idaphikira ana ao chakudyacho.

Potero, aphunzitsi, pophunzitsa mathero a -ira ndi -era, tengani zitsanzo kukhitchini ndi pamtondo, kumene mwana aliyense azidziwa, kuti mau onga kusadzula, kutendera ndi kuomola asatayike. Anyamata omwe aphunzire kutereka mphika, pakuti tsiku lidzafika lakuti wodwala m'nyumba ndiye mai amene. Ndipo inu oyendera odwala ndi ofedwa m'midzi, musanatsanzike funsani kuti, Kodi alipo amene ali kuwaphikira? Ngati palibe, pezani mnansi woti atero, kapena tumizani kambale kuchokera kwanu. Akulu adati kupatsa nkuika.