Ngozi Family: Gitala Laukali la M'makomboni a Lusaka

Ngozi Family linali gulu loyimba la mumzinda wa Lusaka ku Zambia lomwe linatchuka m'zaka za m'ma 1970. Mtsogoleri wake anali Paul Dobson Nyirongo, yemwe anabadwa mu 1949 n'kukulira ku Chibolya, komboni yomwe mbiri yake ku Lusaka siinali yabwino. Dzina loti Ngozi analipeza pa siteji, chifukwa cha momwe ankalizira gitala: mwaphuma, mwaukali, nthawi zina ndi mano, monga ankachitira Jimi Hendrix. Masiku ano olemba za nyimbo ku Ulaya ndi ku America amaika gululi pafupi ndi magulu a punk, ngakhale eni ake sankadzitcha choncho.

Punk ndi mtundu wa nyimbo za rock womwe unabuka ku New York ndi ku London. Gulu la Ramones linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1976, ndipo la Sex Pistols linatsatira mu 1977. Achinyamatawa anatopa ndi oyimba olemera omwe ankakoka nyimbo imodzi mphindi khumi poonetsa luso. Iwo anasankha nyimbo zazifupi, zothamanga, za gitala, besi ndi ng'oma basi, mawu ake odzudzula mosapsatira. Chidwi chili apa: chimbale cha Ngozi Family chotchedwa Day of Judgement chinatuluka mu 1976 momwemo. Anyamata a ku Lusaka sanatengere punk kwa wina aliyense. Anafika pa kamvekedwe kofanana kudzera njira yawoyawo, atamvera kwambiri Hendrix, Black Sabbath ndi Deep Purple, kenaka n'kuyimba ndi zida zochepa zomwe anali nazo.

Paul Ngozi asanayambitse gulu lake anayimbako mu Musi-O-Tunya, gulu la Rikki Ililonga lomwe linakhala nthawi ku Kenya. Atabwerera kwawo anagwirizana ndi Chrissy Zebby Tembo woyimba ng'oma ndi Tommy Mwale wa besi. Nyengo inali yowakomera. Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wayilesi zikhale za oyimba a m'dzikomo. Cholinga chinali kukweza chikhalidwe cha makolo, koma omwe anapindula msanga anali anyamata a magitala amagetsi, poti wayilesi inafunika nyimbo zambiri mwadzidzidzi. Edward Khuzwayo, mwini wa Zambia Music Parlour, anayamba kujambulitsa magulu motsatizana, ena mpaka kuwatumiza ku Nairobi. Nyimbo za nthawi imeneyi, kuphatikizapo za WITCH ndi Amanaz, ndi zomwe zimatchedwa Zamrock.

Pa magulu onsewa, la Ngozi ndilo linali lokhakhala koposa. Gitala la Paul linkadutsa m'kachipangizo koponda ndi phazi kotchedwa fuzz, komwe kamasasitsa mawu mpaka kumveka ngati sipika yang'ambika. Ng'oma za Tembo zinkagunda mouma, popanda zokometsera. Kujambula kwake kunali kwa changu, ndipo zolakwika zina zinatsala momwemo m'zimbale. Woyimba wina akanachita nazo manyazi, koma apa ndi pomwe pagona mphamvu ya gululi: womvera amakhala ngati waima m'holo momwe anthu atatu akuyimba thukuta lili kamukamu. Zimbale za The Ghetto ndi 45,000 Volts zinatsatira posakhalitsa, ndipo gulu lomweli ndilo linaomba zida pa chimbale cha Tembo cha My Ancestors.

Nkhani za m'nyimbozo zinali za m'komboni: umphawi, miseche, uchidakwa, makolo osasamala ana. Paul ankayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja cha ku Lusaka, chija chosakanikirana ndi Chinsenga ndi Chibemba. Munthu wa kwa Ngokwe ku Machinga kapena wa ku Balaka sangafune womasulira, ngakhale khutu lozolowera reggae yofatsa ya Alleluya Band lingadzidzimuke ndi phokoso lake. Pa nkhani ya mawu a nyimbo, gululi linasiyananso ndi punk ya ku London. Sex Pistols ankanyoza mfumukazi ndi boma, pamene Ngozi, m'dziko la chipani chimodzi, ankalankhula ngati mkulu wa pamudzi wodzudzula abale ake. Ukali unali m'gitala, koma mawu anali a malangizo.

Zinthu sizinakhalitse. Mtengo wa kopa, womwe chuma cha Zambia chinkadalira, unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo chimbale chinasanduka chinthu chodula kwa munthu wamba. Mu 1978 ndege za nkhondo za Rhodesia zinaphulitsa misasa ya omenyera ufulu pafupi ndi Lusaka, boma linaletsa kuyenda usiku, ndipo madansi omwe ankadyetsa oyimba anachepa. Disco inalowa m'mabala, kenaka kalindula inalanda wayilesi. Mliri wa Edzi unatenga oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40, ndipo msewu wina ku Kabwata mu Lusaka umadziwika ndi dzina lake.

Zimbalezo zinasowa kwa zaka zambiri kufikira makampani monga Now-Again Records ya ku Los Angeles anayamba kuzisindikizanso, ndipo apa m'pamene mawu oti punk anayamba kumamatira pa gululi. Mu 2024 woyimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Nizakupanga Ngozi, yochokera pa 45,000 Volts, n'kuchiika m'nyimbo yake ya Noid. Chimbale chake cha Chromakopia chinafika pa nambala 1 ku America, mawu a Paul Ngozi a Chinyanja ali momwemo.